Chigawenga cha Kale Chidali ndi Mayi, cha Lero Chili ndi Ochemerera

Muuzeni mnyamata wa lero kuti akhale pansi aonere filimu ya 1931, muone m'mene akwinyire nkhope. Akuuzani kuti zithunzi zakuda ndi zoyera zimamuwawitsa mutu, kuti anthu ake amalankhula ngati akuthamangitsidwa, kuti mayi wolira pakhomo ndi zoseketsa za nthawi ya agogo. Akatha kunyozako abwerera pafoni yake kukapitiriza gawo la 40 la nkhani ya mkulu wina wogulitsa mankhwala ozunguza bongo, amene wapha anthu osawerengeka koma suti yake sinadepo ngakhale tsiku limodzi. Ndiye akuti zimenezo ndiye zenizeni!

Bodza lamkunkhuniza. Mafilimu a zigawenga amene adapangidwa ku America kuyambira 1912 kufika kumapeto kwa zaka za m'ma 1930 amanena zoona za umbanda kuposa mulu wa zimene akutithira m'maso masiku ano. Ndipo chinthu chomwe odziyesa ozindikira amachiseka m'mafilimuwa, misozi ija, amayi aja, alongo aja, ndiye msana wake weniweni. Chigawenga cha kale chidali ndi kwawo. Chikafa, pamakhala wina wolandira mtembo. Cha lero achichotsera abale n'kuchipatsa gulu la ochemerera, ndipo ochemererawo ndife.

Mafilimuwa sadagwe kumwamba. Mu 1912, makampani ambiri a mafilimu adakali ku New York ndi ku New Jersey, D. W. Griffith adajambula The Musketeers of Pig Alley, kafilimu kosalankhula ka mphindi pafupifupi 17, momwe Lillian Gish ndi mtsikana wosauka ndipo mwamuna wake woimba alandidwa kandalama kake ndi chigawenga cha m'makwalala. Patatha zaka zitatu Raoul Walsh adatulutsa Regeneration, nkhani ya mwana wamasiye amene akulira m'zibakera ndi m'njala mpaka kukhala mtsogoleri wa gulu la apandu. Walsh adanyamula kamera yake kupita nayo m'madera a amphawi a New York, n'kujambula nkhope za anthu akumeneko momwe zidalili, zotopa, zotupa ndi mowa. Kuyambira pachiyambi pomwe funso la mafilimuwa lidali limodzi: kodi mwana uyu wafika bwanji pamenepa, ndipo wamufikitsapo ndani?

Yankho lalikulu lidabwera ndi boma lenilenilo. Mu Januwale 1920 dziko la America lidaletsa kufulula, kugulitsa ndi kunyamula mowa. Opemphera adaimba za chigonjetso, andale adaomberedwa m'manja, koma ludzu la anthu silidamve za lamulo. Mowa udangolowa pansi. Ena ankauzembetsa kuchokera ku Canada, ena ankatcheza kachasu m'nyumba, ndipo malo omwera mobisa adabalalika m'mizinda yonse. Bizinesi imene dzulo lake inkalipira msonkho idagwera m'manja mwa anthu a mfuti, ndipo ndalama zake zidagula apolisi, oweruza ndi makhansala. Al Capone, mkulu wa zigawenga wa ku Chicago, ndi mwana wobadwa ndi lamulo limenelo. Pa 14 Febuluwale 1929 amuna 7 adaimikidwa kukhoma m'galaja ina mumzindawo n'kuwomberedwa, ndipo palibe amene khoti lidamupeza wolakwa pa imfa zawo. Capone mwiniwake adagwa mu 1931 pa mlandu wozemba msonkho, wakupha ayi. Onjezeranipo kugwa kwa msika wa masheya mu Okutobala 1929 ndi ulova umene pofika 1933 udagwira munthu mmodzi mwa anayi alionse ofuna ntchito. Anthu amene ankadzaza nyumba za kanema masiku amenewo adali ataona banki ikutseka ndi ndalama zawo, ataona wapolisi akumwa mowa womwe amayenera kulanda. Anthu otere sungawanamize za umbava.

Amene ankalemba nkhanizi nawonso sadali alendo. Ben Hecht adali mtolankhani ku Chicago asanapite ku Hollywood, ndipo nkhani yake ya Underworld, imene Josef von Sternberg adaijambula mu 1927, idamupezetsa mphoto pa mwambo woyamba wa ma Oscar. Chaka chotsatira kudatuluka The Racket, yosonyeza apolisi ndi akuluakulu a mzinda akudyera m'manja mwa ogulitsa mowa, ndipo ku Chicago adailetsa. Tangoganizani: mzinda umene udalephera kuletsa Capone udakwanitsa kuletsa filimu! Mawu atalowa m'mafilimu zinthu zidafika poipa kwa oopa choonadi. Filimu yoyamba yaitali yolankhula kuyambira poyamba mpaka pomaliza, Lights of New York ya 1928, idali ya zigawenga. Tsopano mfuti idayamba kulira, matayala kulira pokhota, ndipo chilankhulo cha m'makwalala chidamveka m'makutu a dziko lonse.

Kenaka m'nthawi yochepa chabe kudabwera mafilimu atatu amene aliyense wofuna kulankhulapo pa nkhaniyi ayenera kuwadziwa. Woyamba ndi Little Caesar, imene idatuluka kumayambiriro kwa 1931. Edward G. Robinson, munthu wamfupi wobadwira ku Bucharest, ndi Rico, kambava ka m'tauni yaing'ono kamene kapita mumzinda waukulu kufuna kukhala winawake. Rico samwa mowa, sathamangira akazi. Njala yake ndi ya ulemu: mphete ya pachala cha bwana, suti, chithunzi chake m'nyuzipepala. Akwera, awapondereza onse amene adamukweza, kenaka agwa mpaka kukagona m'nyumba ya anthu osowa pokhala, ndevu zili nyankhalala, botolo lili m'manja. Apolisi amutulutsa kobisalako pongomunyoza m'nyuzipepala kuti ndi wamantha, chifukwa adziwa kuti kunyada kwake sikungapirire. Afera kuseri kwa chikwangwani cha malonda, ndipo pachikwangwanipo pali dzina la mnzake wakale amene adasiya umbava n'kukhala wovina. Zonsezi zatheka m'mphindi 79.

Wachiwiri ndi The Public Enemy wa William Wellman, wa chaka chomwecho, amene adatchukitsa James Cagney. Ambiri amangokumbukira pamene Tom Powers, chigawenga chimene Cagney akusewera, apaka chipatso kumaso kwa chibwenzi chake pa chakudya cha m'mawa. Koma mtima wa filimuyi uli kunyumba kwa mayi ake. Tom abwera ndi mpukutu wa ndalama kudzapatsa mayiyo, ndipo mkulu wake Mike, amene wangobwera kunkhondo, akana kuti ndalama zamagazi zisalowe m'nyumbamo. Mbiya ya mowa imene Tom waika patebulo Mike aiponya kukhoma. Mayi ali pakati, akukonda onse awiri, akudziwa ndiponso akukana kudziwa. Kumapeto, adani a Tom amuba m'chipatala. Foni ilira kuti akubwera naye kunyumba. Mayi akwera m'chipinda kukamuyalira bedi, akung'ung'udza kanyimbo ndi chimwemwe. Kugogoda pachitseko. Mike atsegula, ndipo pakhomo paima Tom atakulungidwa m'bulangeti, atamangidwa ndi zingwe, maso ali gwa. Agwa chafufumimba. Mayi m'mwamba muja akuyalabe bedi. Ndani mwa inu amene adaonako imfa ya m'filimu yamakono yomulasa mtima ngati imeneyi? 

Wachitatu ndi Scarface wa Howard Hawks, wa 1932, wolembedwa ndi Hecht yemwe uja ndipo ndalama zake adapereka ndi Howard Hughes. Paul Muni ndi Tony Camonte, munthu amene akaigwira mfuti yolavula zipolopolo amasekerera ngati mwana. Nayenso ali ndi mayi amene amachenjeza mwana wake wamkazi kuti mchimwene wakeyo ndi woipa, ndipo ali ndi mlongo, Cesca, amene amamuchitira nsanje yosayenera mpaka kupha mnzake wapamtima chifukwa cha iye. Apolisi atazinga nyumba ndipo Cesca atafa, chimphona chija chisungunuka. Tony atsika masitepe akunjenjemera, akupempha kuti asamuphe, ayesa kuthawa, n'kufera m'ngalande ya mumsewu.

Tsopano ikani pambali pake Scarface wa 1983, wa Brian De Palma ndi Al Pacino, amene adatengedwa pa filimu yomweyi. Nkhani ndi yomweyo: mlendo wosauka, kukwera, mlongo, kugwa. Ngakhale mayi wokana ndalama zamagazi alimo. Koma ndani amamukumbukira mayiyo? Chimene chidatsala m'mitu ya anthu ndi phiri la kokeni patebulo ndi Tony Montana ataima yekha pamwamba pa masitepe, zipolopolo zikumulowa iye osagwa, akutukwana gulu lonse la adani. Wa 1932 adafa ngati wamantha. Wa 1983 adafa ngati ngwazi, ndipo n'chifukwa chake nkhope yake ili pa matisheti, m'mabhawa ndi m'mashopu ometera tsitsi padziko lonse. Palibe mnyamata amene adapachikapo kukhoma chithunzi cha Paul Muni akupempha chifundo. Kusiyana kwake n'kumeneko, ndipo si kwamasewera.

Ena anena kuti ndikuchita kaduka ndi zamakono, kuti The Godfather wa 1972 ndi Goodfellas wa 1990 ndi mafilimu akuluakulu. Ndi akuluakuludi, ndipo amene adawapanga adaphunzira kwa akale omwewa. Mkangano wanga uli ndi chigumula chimene chadza pambuyo pake, makamaka mafilimu a magawo ambirimbiri amene makampani a pa intaneti akupikisana nawo. Vuto lake lili m'bizinesi yomweyo. Kampani imene imadya ndalama za mwezi ndi mwezi imafuna kuti musachoke. Choncho chigawenga sichingafe msanga, chifukwa chikafa malonda atha. Chiyenera kupulumuka gawo ili ndi linalo, chaka chino ndi chamawa, ndipo kuti inu mupirire nacho maola makumimakumi ayenera kuchikometsa: achipatse nthabwala, nzeru, magalimoto, akazi okongola ndi chifukwa chomveka chophera aliyense amene chapha. Pomwe chilango chizidzafika, inu mwakhala nacho nthawi yaitali moti mwasanduka wachibale. Amene chawapha aja alibe maina, alibe amayi, ndi zidole zongogwa. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere.

Afunseni anthu a mumzinda wa Medellín ku Colombia. Pablo Escobar, mkulu wa ogulitsa mankhwala ozunguza bongo kumeneko, atasandutsidwa katswiri wa pakanema, alendo adayamba kukhamukira mumzindawo kukajambulitsa pa nyumba zake ngati malo opatulika, pamene amasiye a anthu amene adawapha akadali moyo m'misewu yomweyo. Mu 2019 akuluakulu a mzindawo adachita kugumula nyumba yake yotchedwa Mónaco kuti pamalopo pakhale chikumbutso cha ophedwa. Izi ndi zimene zimachitika nkhani ya umbanda ikataya misozi n'kutsala ndi kunyezimira kokha.

Ndiye musadabwe kuti amene amayesa kuonera mafilimu akalewa amakodwa. Choyamba, salemekeza ulesi. The Public Enemy ndi mphindi 83, Scarface woyamba ndi 93, pamene wa De Palma ndi 170 ndipo The Irishman wa 2019 amapitirira maola atatu. Kampani ya Warner Bros. inkapanga mafilimu mwachangu ndi ndalama zochepa, ndipo umphawi umenewo udabala luso: chithunzi chilichonse chili ndi ntchito, mawu alionse akupititsa nkhani patsogolo. Chachiwiri, dziko limene amalisonyeza silachilendo kwa ife. Mnyamata amene akuona kuti wogwira ntchito moona mtima akuyenda wapansi pamene wakuba akumanga nyumba zosanja, n'kumadzifunsa kuti wopusa ndani pamenepa, simufunika kumumasulira Tom Powers. Kulikonse kumene mitengo ya zinthu ikukwera, ntchito zikusowa ndipo akuba akuluakulu akulandiridwa pa mipando yakutsogolo, mafilimu a 1931 amamveka ngati ajambulidwa dzulo.

Onerani I Am a Fugitive from a Chain Gang ya 1932 ngati mukukayika. Msilikali wabwera kunkhondo, ntchito kulibe, apita kukapinyolitsa mendulo yake ya ulemu, ndipo mwini shopu amuonetsa bokosi lodzaza ndi mamendulo a anzake amene adabwera kale ndi njala yomweyo. Akodwa m'mlandu wakuba umene sadaufune, aponyedwa m'gulu la akaidi omangidwa maunyolo, athawa, akhala munthu wolemekezeka, boma limunyengerera kuti abwerere kwa miyezi yochepa, kenaka liphwanya lonjezo. Pomaliza mkazi amene amamukonda amufunsa kuti akukhala bwanji moyo, ndipo iye, akuzimirira mumdima, ayankha kuti akuba. Filimuyi idachokera pa moyo wa Robert Elliott Burns, amene adalowa m'maunyolo a ku Georgia chifukwa cha kuba kumene kudapindula madola osafika 6. Kapena Blondie Johnson ya 1933, momwe Joan Blondell ndi mtsikana amene akanidwa thandizo ku ofesi ya boma, mayi ake amwalira atathamangitsidwa m'nyumba ya lendi, ndipo iye alumbira kuti ndalama azipeza mwa njira iliyonse. Mafilimu amenewa saikira kumbuyo wakuba. Amangokana kumuweruza yekha pamene amene adamuumba akhala pa mpando wa oweruza.

Akatswiri a lero amadziwa komwe adakatunga. Martin Scorsese adawalemekeza mafilimuwa m'filimu yake ya 1995 yofotokoza mbiri ya kanema wa ku America, ndipo mu The Departed ya 2006 adabwereka kwa Hawks kachitidwe koika chizindikiro cha X pafupi ndi munthu amene watsala pang'ono kufa. Mu filimu ya magawo ya The Sopranos, mayi ake a Tony Soprano atamwalira, chigawenga chamakonocho chikhala chokha kuonera The Public Enemy, ndipo chikaona mayi uja akuyala bedi, misozi ilengeza. Amene adalemba gawo limenelo adadziwa kuti kuti afike pamtima pa munthu woumayo, adayenera kubwerera ku 1931. Nanga inu amene mukuti ndi za agogo, mukudziwa kanema kuposa anthu amenewa?

Tsopano ndibwere kwa gulu lina limene limandinyansa chimodzimodzi: oyera mtima amene akaona mfuti pakanema amathamangira lumo. Analipo nthawi imeneyonso. Mu 1930 makampani a Hollywood, motsogozedwa ndi Will Hays, adavomera malamulo a zoyenera kuonetsa, koma sadawatsate kwenikweni. Komabe Scarface woyamba adavutika nawo: adamuonjezera mutu wonena kuti ndi manyazi a dziko, adajambulanso mathero ena momwe Tony anyongedwa, adalowetsamo anthu olalikira za kuipa kwa zigawenga. Mu 1934, mpingo wa Katolika utakhazikitsa gulu la Legion of Decency ndi kuopseza kuti anthu ake anyanyala mafilimu, lumo lidaperekedwa kwa Joseph Breen, ndipo kuyambira Julayi chaka chimenecho filimu ya makampani akuluakulu sinkatuluka popanda chidindo cha ofesi yake. Mwezi womwewo, pa 22 Julayi, John Dillinger, wothyola mabanki wotchuka, adawomberedwa ndi apolisi a boma akutuluka mu Biograph Theater ku Chicago, kumene adakaonera Manhattan Melodrama ya Clark Gable. Kwa oyera mtima aja umenewo udali umboni wokwanira.

Umboni wa chiyani? Capone adalamulira Chicago Little Caesar asanajambulidwe. Amene adalemeretsa zigawenga ndi lamulo loletsa mowa, limene ena mwa oyera mtima omwewo adalimenyera nkhondo, ndipo lidathetsedwa mu Disembala 1933 litalephera mochititsa manyazi. M'malo movomereza, adaloza chala kanema. Ndipo taonani chimene lumo lawo lidadula. Mfuti zidatsala. Mu 1935 Cagney yemwe uja adabwerera mu G Men akuwombera monga kale, kungoti tsopano ali ndi chiphaso cha boma m'thumba. Chimene chidavuta kuonetsa ndi woweruza wogulidwa, wapolisi wodya ziphuphu, lamulo lopondereza wosauka. Adateteza ulemu wa akuluakulu n'kumati akuteteza ana. Malamulowo adakhala mpaka 1968.

Sindikunena kuti kanema alibe mphamvu pa achinyamata. Ali nayo, ndipo n'chifukwa chake nkhaniyi ndaikwiyira. Ku Sophiatown, mu Johannesburg, m'zaka za m'ma 1940 ndi 1950, kudali gulu la zigawenga lodzitcha Americans, ndipo anyamata akumeneko ankatengera zipewa, majekete ndi kayendedwe ka zigawenga za m'mafilimu a ku America. Hollywood yeniyeniyo idalidziwa vutoli ndipo idalijambula. Mu Angels with Dirty Faces ya 1938, Cagney ndi Rocky Sullivan, chigawenga chimene ana a m'makwalala amachipembedza. Usiku woti aphedwe pa mpando wamagetsi, mnzake wa paubwana, amene tsopano ndi wansembe, amupempha chinthu chimodzi: afe ngati wamantha kuti anawo asiye kumutamanda. Rocky akana. Koma atafika pampando akuwa, alira, agwira chilichonse chomwe angagwire. Kodi adachitadi mantha, kapena adapereka chuma chokhacho chimene chidamutsalira, dzina lake, kuti apulumutse ana a eni? Filimu siyankha. Koma funso limene ikufunsa ndi limene opanga mafilimu a lero akulithawa: chigawenga chako chikafa, mwana amene akuonera atsala ndi chiyani m'mutu? Mankhwala a filimu yokometsa umbava ndi filimu yonena zoona zonse, kuphatikizapo maliro. Lumo silinachizepo kanthu.

Ndipo zoona zonsezo zimafuna mayi uja. Mu Dead End ya 1937, Humphrey Bogart ndi chigawenga chimene chasintha nkhope kwa dokotala n'kubwerera kumene chidakulira kuti chikaone mayi ake ndi chibwenzi chake chakale. Mayiyo, wotheratu ndi umphawi ndi manyazi, amumenya mbama n'kumuuza kuti achoke akafere kwina. Chibwenzi chija achipeza chikugulitsa thupi, chikudwala. Munthu amene mzinda wonse ukumuopa atsala chilili pamsewu, wopanda kolowera. Amene amati zimenezi n'zokokomeza sadakhalepo pa bwalo la khoti tsiku la chigamulo, kapena pa chipata cha ndende tsiku loona akaidi. Amene amadzaza malo amenewo ndani? Ndi amayi, atanyamula tizakudya m'manja. Umbava weniweni umathera pamenepo, ndipo filimu imene yawachotsa amayiwo ndiye yabodza, ngakhale magazi ake ataoneka enieni chotani.

Mafilimuwa ali ndi zonyansa zake, ndipo wowakonda asazibise. Munthu wakuda akaonekamo, kawirikawiri ndi wantchito wa m'nyumba kapena woseketsa. Griffith yemwe adayambitsa mtunduwu ndi yemwenso adapanga The Birth of a Nation mu 1915, filimu yotamanda gulu la tsankho la Ku Klux Klan. Anthu ochokera ku Italy adadandaula, ndipo adali ndi chifukwa, kuti akuwajambula ngati fuko la achifwamba. Akazi amamenyedwa mbama ngati n'zabwinobwino. Anthu akuda adachita kudzipangira mafilimu awo a zigawenga, monga Dark Manhattan ya 1937, n'kumawaonetsa m'nyumba za kanema za anthu akuda okhaokha. Zonsezi n'zoona. Koma tsankho la 1931 lili poyera, mwana wa sukulu akhoza kuliloza ndi chala n'kulitsutsa. Poizoni wa lero ndi wotsekemera, amalowa munthu akuseka, ndipo amatuluka akufuna kufanana ndi wakupha.

Chomvetsa chisoni n'chakuti zambiri zidatayika kale. Kafukufuku wa 2013 wa Library of Congress, nyumba yosungira mabuku ya boma la America, adapeza kuti pafupifupi 70 mwa 100 alionse a mafilimu aatali osalankhula a ku America adasoweratu. Ankajambulidwa pa mikwamba yogwira moto msanga ndi yoola, ndipo makampani sankaona phindu powasunga. Mu 1937 moto udapsereza nkhokwe ya kampani ya Fox ku New Jersey. Regeneration ndi The Racket adakhala zaka zambiri akuyesedwa otayika asanapezekenso, ndipo Scarface woyamba Hughes adamutsekera mpaka iye atamwalira mu 1976. Amene adapulumuka adapulumukira mwamwayi. Ku America filimu ya nthawi imeneyo imakhala ya aliyense pakatha zaka 95, motero osalankhula aja ambiri ali kale pa intaneti mwaulere ndiponso mwalamulo, ndipo olankhula oyambirira akutsatira chaka ndi chaka. Chifukwa chonena kuti sapezeka chatha.

Choncho mawu anga akupita kwa magulu atatu a anthu. Inu amene mumamasulira mafilimu m'Chichewa ndi inu a nyumba zoonetsera mavidiyo m'matauni mwathu: mwatidyetsa nkhonya ndi mabomba zaka zonsezi, tayesani kamodzi The Public Enemy muone ngati anthu satuluka ali chete. Inu opanga mafilimu athu, amene mumadandaula kuti mulibe ndalama zophulitsira magalimoto: Wellman adaswa mitima ndi chitseko, bulangeti ndi mayi woyala bedi. Lekani kukopera zigawenga za m'mavidiyo a nyimbo, pitani mukaphunzire kwa anthu amene ankadziwa kumaliza nkhani m'mphindi 80, ndipo mukajambula wakuba wathu mutionetsenso amene adamutuma, amene adamudyera ndi amene adzamulire. Ndipo inu owerenga, musanayambe gawo lina la nkhani ya wakupha wovala bwino uja, patulani usiku umodzi wokha muonere Little Caesar kapena I Am a Fugitive from a Chain Gang mpaka kumapeto. Mukatero ndiye mubwere tidzakangane kuti za agogo ndi ziti.